Anthu Otchuka m'Sitima ya Pamtunda

Munthu akagula tikiti ya sitima ya pamtunda amadziwa kumene akupita ndi nthawi imene anyamuke, koma sadziwa amene akakhale naye pa mpando umodzi. Kondakitala safunsa mbiri ya munthu, pakuti chimene iye amafuna ndi tikiti basi. Motero kuyambira m'chaka cha 1830, pamene njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester idatsegulidwa ku England, anthu wamba ambiri akhala akudzidzimuka poona kuti mnzawo wa pa ulendo ndi munthu amene dzina lake adangolimva kusukulu kapena kuliwerenga m'nyuzipepala.

Nkhani zambiri zotere zimathera pakhomo, munthu akafotokozera abale ake madzulo, ndipo pakapita nthawi zimaiwalika. Koma zilipo zina zimene zidalembedwa ndi kusungidwa. Zimenezi n'zofunika kuzidziwa chifukwa zimaonetsa khalidwe la munthu wotchuka pamene palibe omuombera m'manja, ndiponso khalidwe la munthu wamba pamene wakumana ndi wamkulu mosakonzekera.

Mtsikana wa ku Maine ndi Charles Dickens

Aphunzitsi ndi ophunzira ambiri amalidziwa dzina la Charles Dickens, mlembi wa ku England amene adalemba Oliver Twist, David Copperfield ndi Great Expectations. Kumapeto kwa chaka cha 1867 Bambo Dickens adaoloka nyanja kupita ku America, kumene ankayenda m'mizinda nawerengera anthu zigawo za mabuku awo m'nyumba zikuluzikulu za misonkhano. Anthu ankafuna kuwamva kotero kuti ena ankachezera usiku wonse pa mzere wogulira matikiti. Pa 30 Malichi 1868 iwo adawerenga mu mzinda wa Portland, m'chigawo cha Maine, ndipo m'mawa mwake adakwera sitima yopita ku Boston.

M'sitima yomweyo mudali mtsikana wa zaka 11, dzina lake Kate Smith, wa m'mudzi wa Hollis, amene adali pa ulendo ndi amayi ake. Kwawo kwa Kate mabuku a Dickens ankawerengedwa kawirikawiri, ndipo mwanayo adawakonda kwambiri mwakuti ngakhale ziweto za pakhomo zidapatsidwa maina a anthu a m'mabukumo. Dzulo lake amayi ake adakamvera kuwerenga kuja, koma iye adatsala, popeza tikiti idali yokwera mtengo ndipo akuluakulu adaona kuti kugulira mwana kukadakhala kusakaza ndalama.

Sitima itaima pa siteshoni ya North Berwick, Kate adasuzumira pa zenera naona Bambo Dickens ataimirira panja. Adawazindikira msanga chifukwa cha zithunzi zawo zimene adaziona kale. Sitima itanyamukanso, mwanayo adachoka pa mpando wake mwakachetechete nakalowa m'ngolo imene mudali mlembiyo, nakhala chapatali akungowayang'ana. Pambali pa Bambo Dickens padakhala Bambo James Osgood, a ku kampani imene inkasindikiza mabuku awo ku Boston. Patapita nthawi Bambo Osgood adanyamuka kupita ku ngolo ya osuta fodya, ndipo Kate, asanaganize kawiri, adapita nakakhala pa mpando umene udatsala wopanda munthuwo.

Bambo Dickens potembenuka adadabwa kupeza kamwana pambali pawo, ndipo adakafunsa kumene kachokera. Kate adalongosola za kwawo, za ulendo wake, ndi za chisoni chimene adali nacho posamva kuwerenga kwa dzulo lake. Adawauzanso kuti mabuku awo adawawerenga pafupifupi onse, ena mobwerezabwereza. Mlembiyo atadabwa kuti mwana wochepa chotero angamalize bwanji mabuku aakulu ngati amenewo, Kate adayankha mosabisa mawu kuti pali malo ena otopetsa amene iye amangowalumpha, makamaka otopetsa aataliatali.

Wina akadakhala iye akadakwiya, pakuti si chapafupi kuti munthu amene dziko lonse likumutamanda auzidwe ndi mwana kuti zolemba zake zina n'zogwetsa ulesi. Koma Bambo Dickens adaseka kwambiri, natulutsa kabuku ndi pensulo m'thumba, nayamba kumufunsa mwanayo buku ndi buku kuti awauze malo otopetsawo, iwo akulemba. Atamufunsa buku limene amalikonda koposa, Kate adatchula David Copperfield, limene adaliwerenga kasanu ndi kamodzi, ndipo mlembiyo adati limenelo ndi limene iwonso amalikonda koposa. Sitima itayandikira Boston adamufunsa ngati adali yekha pa ulendowo, ndipo pamenepo mpamene mwanayo adakumbukira kuti adasiya amayi ake m'ngolo ina. Bambo Dickens adamuperekeza kwa amayi akewo, nawapatsa moni, ndipo potsika adayenda naye atagwirana manja mpaka pamene padali ngolo ya akavalo yowadikira.

Awiriwa sadaonanenso. Koma Kate atakula adakhala mphunzitsi, ndipo m'chaka cha 1878 adatsogolera sukulu yaulere ya mkombaphala ya ana a anthu osauka mu mzinda wa San Francisco. Pambuyo pake adatchuka ndi dzina la Kate Douglas Wiggin, mlembi wa buku la ana la Rebecca of Sunnybrook Farm, limene lidatuluka m'chaka cha 1903. Za ulendo uja adazilemba m'kabuku kakang'ono m'chaka cha 1912, patapita zaka 44 chichitikireni, ndipo m'menemo ndi momwe nkhaniyi idasungidwa.

Ngozi ya pa Staplehurst

Chimene mwanayo sadachidziwe n'chakuti munthu amene ankaseka nayeyo ankaopa sitima kwambiri, ndipo mantha akewo adali ndi chifukwa. Zaka zitatu m'mbuyomo, pa 9 Juni 1865, Bambo Dickens adali kuchokera ku France ndipo adakwera sitima pa doko la Folkestone kupita ku London. Nthawi yonyamukira sitima imeneyi inkasintha tsiku ndi tsiku, popeza inkadikira sitima ya pamadzi imene kufika kwake kunkadalira kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja. Pafupi ndi mudzi wa Staplehurst, m'chigawo cha Kent, anthu a ntchito adali kukonza mlatho wa pa mtsinje wa Beult. Kapitawo wawo adawerenga molakwa ndondomeko ya nthawi, naganiza kuti sitimayo idzafika mochedwerapo, ndipo adalamula kuti njanji zina zizulidwe. Woyendetsa sitima adaona mbendera yofiira mochedwa ndipo adalephera kuimika. Ngolo zambiri zidagwera pansi pa mlatho. Anthu 10 adafa ndipo 40 adavulala.

Ngolo ya kalasi yoyamba imene mudali Bambo Dickens idachoka pa njanji koma idatsala ili lende, osagwa. Iwo adatulukira pa zenera, nathandiza anzawo kutuluka, kenaka adatsikira kumene kudali ovulala. Adatunga madzi ndi chipewa chawo, ndipo adali ndi kabotolo ka burande kamene ankamwetsako ofooka. Kwa maola angapo adayenda pakati pa matabwa ndi zitsulo zothyoka, kupukuta magazi ndi kulimbitsa mtima ovulala, ndipo ena mwa anthu amene adawathandizawo adamwalira iwo akuona. Atachita zonsezi adakumbukira kuti m'ngolo muja adasiyamo mapepala a buku limene ankalemba, la Our Mutual Friend, ndipo adakweranso m'ngolo yogwedezekayo kukawatenga.

Pali china chimene anthu ambiri sadachidziwe pa nthawiyo. Bambo Dickens, amene adapatukana ndi akazi awo m'chaka cha 1858, adali pa ulendowo ndi mayi wina wachitsikana wochita zisudzo, Ellen Ternan, pamodzi ndi amayi ake, ndipo ubwenzi umenewu ankaubisa. Chifukwa cha ichi adayesetsa kuti asakaonekere pa bwalo lofufuza za ngoziyo, kumene akadafunsidwa za anthu amene adali nawo. Kutchuka kudali katundu wolemera pa tsikulo: munthu yemweyo amene adathandiza ovulala mopanda mantha adaopa kuti nkhope yake yodziwikayo iulula chinsinsi chake.

Ngoziyo idawasiyira bala la mumtima. Mawu awo adatsekeka kwa masabata awiri, ndipo ana awo adasimba kuti kuyambira pamenepo, sitima ikagwedezeka pang'ono, bambo awo ankagwira mpando mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Adamwalira pa 9 Juni 1870, tsiku lomwelo la ngozi ija patapita zaka zisanu. Choncho mwina macheza a kamtsikana ka ku Maine adawathandiza iwonso kuiwala mantha kwa kanthawi.

Amene adapulumutsa mwana wa Pulezidenti

Nkhani ina yodabwitsa idachitika ku America komweko, nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera ili mkati. Nkhondoyo idayamba m'chaka cha 1861 ndi kutha m'chaka cha 1865, ndipo Pulezidenti wa dzikolo adali Abraham Lincoln. Mwana wake wachisamba, Robert Todd Lincoln, amene adabadwa m'chaka cha 1843, adali pa ulendo usiku wina ndipo adafika pa siteshoni ya Jersey City. Anthu adaunjikana pa khomo la ngolo, aliyense kufuna kugula malo ogona kwa kondakitala. Pokankhanapo mnyamatayo adapanikizidwa ku ngoloyo, ndipo mwadzidzidzi sitima idayamba kuyenda. Robert adapotoka, mapazi ake naterereka kulowa mu mpata wa pakati pa ngolo ndi pokwerera, ndipo sakadatha kudzithandiza.

Pomwepo munthu wina adamugwira kolala ya jekete mwamphamvu namukokera pamwamba. Robert potembenuka kuti athokoze adapeza kuti nkhopeyo akuidziwa: adali Edwin Booth, katswiri wa zisudzo wotchuka m'dziko lonselo, amene anthu ankamutama makamaka pa sewero la Hamlet la William Shakespeare. Mnyamatayo adamuthokoza pomutchula dzina, ndipo adasiyana. Booth sadadziwe kuti wapulumutsa yani. Kwa iye ameneyu adali mnyamata chabe wa pa ulendo amene adatsala pang'ono kupondedwa ndi sitima.

Pambuyo pake Robert adalowa usilikali nakagwira ntchito pansi pa mkulu wa nkhondo Ulysses Grant. Kumeneko adasimba nkhaniyi kwa msilikali mnzake, Adam Badeau, amene adali bwenzi la Booth, ndipo Badeau adalembera Booth kalata yomuuza kuti mnyamata uja adali mwana wa Pulezidenti.

Tsono pa 14 Epulo 1865, m'nyumba ya zisudzo ya Ford's Theatre mu mzinda wa Washington, Pulezidenti Lincoln adaomberedwa ndi mfuti, ndipo adamwalira m'mawa mwake. Amene adachita chiwembuchi adali John Wilkes Booth, mng'ono wake weniweni wa Edwin. Abale awiriwa adali osiyana maganizo: John Wilkes adali ku mbali ya zigawo za kumwera zimene zinkafuna kusunga ukapolo, pamene Edwin adali ku mbali ya kumpoto ndipo adavotera Lincoln pa chisankho cha 1864. Komabe dzina lidali limodzi, ndipo manyazi adagwera banja lonse. Edwin adaleka kuchita zisudzo kwa miyezi yambiri, nadzabwereranso mu Januwale 1866. Robert Lincoln yemweyo ndiye adatsimikiza nkhani ya pa Jersey City m'kalata imene adalembera mkonzi wa magazini ya The Century m'chaka cha 1909. Mimba imodzi idabala wopha bambo ndi wopulumutsa mwana, ndipo wopulumutsayo adatambasula dzanja asanafunse kuti mnyamatayo ndi mwana wa yani.

Mlendo wa pa Astapovo

Nthawi zina amene amakumana ndi munthu wotchuka si wokwera sitima koma wogwira ntchito pa njanji. Mu Novembala 1910, Leo Tolstoy, mlembi wamkulu wa ku Russia amene adalemba War and Peace ndi Anna Karenina, adathawa pakhomo pake ku Yasnaya Polyana m'bandakucha, ali ndi zaka 82. Adali atakhala m'banja ndi mkazi wake Sofya zaka 48, koma m'nyumbamo mudalibe mtendere. Nkhalambayo inkafuna kutaya chuma ndi phindu la mabuku ake kuti ikhale moyo wosalira zambiri, pamene mkazi wake ankaganizira za tsogolo la ana ndi zidzukulu. Adachoka ndi dokotala wake, Dushan Makovitsky.

Mbali ina ya ulendowo adayenda m'ngolo ya kalasi yachitatu, yodzaza ndi anthu ndi utsi wa fodya. Ngakhale adafuna kuyenda mobisika, ndevu zake ndi nkhope yake zidali zodziwika m'dziko lonse, ndipo posakhalitsa adayamba kukambirana ndi okwera anzake za chipembedzo, za maphunziro ndi za umwini wa minda, anthu ataunjikana kumvetsera. Utsi utamukola adatuluka nakaima panja kumapeto kwa ngolo, kumene kudali mphepo yozizira. Adakaona mlongo wake Maria, amene adali sisitere ku Shamordino, ndipo kumeneko mwana wake wamkazi Alexandra adamupeza. Atanyamukanso, thupi lake lidatentha kwambiri ali m'sitima, mwakuti adayenera kutsika pa siteshoni yaing'ono ya Astapovo.

Pamalopo padalibe chipatala kapena nyumba ya alendo yoyenera wodwala. Dokotala adapita kwa mkulu wa pa siteshoni, Ivan Ozolin, ndipo iye adapereka zipinda za m'nyumba mwake momwe, iye ndi banja lake napanikizana kuti nkhalambayo ipeze pogona. M'masiku ochepa kasiteshoni kosadziwikako kadadzaza ndi atolankhani, apolisi, madokotala ndi ojambula kanema, ndipo matelegalamu ankatumizidwa usana ndi usiku ku maiko akutali. Sofya adafika pa sitima yapadera, koma sadamulole kulowa kwa mwamuna wake kufikira pamene adali atakomoka kale. Tolstoy adamwalira ndi chibayo pa 20 Novembala 1910, nthawi itangopitirira 6 koloko m'mawa ndi mphindi 5, atagona sabata imodzi m'nyumba ya munthu amene sadamudziwepo n'kale lonse.

Ozolin adali munthu wolembedwa ntchito yoona kuti sitima zikudutsa pa nthawi yake, ndipo palibe lamulo limene lidamukakamiza kupereka nyumba yake. Koma chifukwa cha zimene adachita, dzina lake limatchulidwa m'mabuku osimba za moyo wa Tolstoy. Siteshoniyo idasinthidwa dzina m'chaka cha 1918 ndi kutchedwa Lev Tolstoy, ndipo nyumba ija idasandutsidwa malo osungiramo zinthu za chikumbutso.

Usiku wozizira ku Pietermaritzburg

Nkhani zonsezi n'za anthu amene adali otchuka kale. Koma kutchuka kuli ndi tsiku loyambira, ndipo tsikulo lisanafike munthuyo amaoneka ngati wina aliyense. Pa 7 Juni 1893 loya wina wachinyamata wa ku India, wa zaka 23, adakwera sitima ku Durban kupita ku Pretoria, kumene kudali mlandu wa wamalonda wina amene adamulemba ntchito, Dada Abdulla. Loyayo adaphunzira za malamulo ku London, adavala mwaudongo, ndipo adali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. Dzina lake lidali Mohandas Gandhi.

Sitima itafika ku Pietermaritzburg cha m'ma 9 koloko usiku, mzungu wina adalowa m'chipindamo, ndipo ataona khungu la mnyamatayo adatuluka nakaitana akuluakulu a sitima. Iwo adamulamula kuti asamukire ku ngolo ya kumbuyo. Gandhi adaonetsa tikiti yake nakana kuchoka. Adaitana wapolisi, amene adamukankhira kunja, katundu wakenso natulutsidwa, ndipo sitima idapita. Idali nyengo yachisanu, ndipo Pietermaritzburg ndi malo okwera kumene kumazizira kwambiri. Chijasi chake chidali m'katundu amene a pa siteshoni adasunga, ndipo iye adaopa kuchipempha kuti angamunyozenso. Adachezera usiku wonse akunjenjemera m'chipinda chodikiriramo chopanda nyale.

Malamulo a tsankho a mtundu umenewu adakhalapo nthawi yaitali pa njanji za kumwera kwa Africa, ndipo anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene ankapita ku migodi ya ku Johannesburg adawadziwa bwino, pakuti munthu wakuda adali ndi ngolo zake ndi khomo lake lolowera pa siteshoni. Ambiri adapirira chifukwa padalibe kochitira. Gandhi usiku umenewo adasinkhasinkha ngati abwerere kwawo ku India, kapena apitirize ulendo osasamala za chipongwecho, kapena alimbane ndi tsankholo. Adasankha kulimbana nalo. Kutacha adatumiza telegalamu yodandaula kwa mkulu wa njanji, ndipo madzulo adakwera sitima ina.

Munthu amene adabwera kudzakhala chaka chimodzi adakhala ku South Africa zaka 21, mpaka 1914. M'chaka cha 1894 adathandiza kukhazikitsa bungwe la Natal Indian Congress, ndipo m'dziko lomwelo ndi momwe adayambira njira yokana malamulo oipa popanda chiwawa. Pa maganizo amenewa adaphunzira zambiri m'zolemba za Tolstoy, ndipo awiriwa adalemberana makalata m'zaka za 1909 ndi 1910. Munda umene Gandhi ndi anzake adakhalamo pafupi ndi Johannesburg adautcha Tolstoy Farm. Atabwerera ku India adazolowera kuyenda m'ngolo za kalasi yachitatu mwa kufuna kwake, kuti akhale pamodzi ndi anthu osauka, ndipo adatsogolera dzikolo mpaka lidalandira ufulu m'chaka cha 1947.

Mzinda umene udamuona akunjenjemera udaimika chifanizo chake m'chaka cha 1993, ndipo m'chaka cha 1997, pa mwambo umene padali Pulezidenti Nelson Mandela, udamupatsa ulemu wa ufulu wa mzindawo, iye atamwalira kale zaka 49 m'mbuyomo. Koma mzungu uja adakana kukhala naye m'chipinda chimodzi, mbiri sidasunge dzina lake. Adali ndi mwayi woyenda usiku wonse ndi munthu amene adadzagwedeza ufumu wa Britain, ndipo chokhacho chimene chimakumbukika pa iye ndi chipongwe chake.

Mpando wa pambali

Ndege ndi magalimoto zitachuluka, anthu otchuka ambiri adaleka kuyenda m'sitima za anthu wamba, ndipo amene amatero amazunguliridwa ndi owateteza. Komabe zotere sizidatheretu. Mu Disembala 1973, pamene mafuta a galimoto adasowa ndipo boma la Norway lidaletsa kuyendetsa magalimoto kumapeto kwa sabata, Mfumu Olav V idakwera kasitima ka magetsi kochokera mu mzinda wa Oslo kupita ku mapiri a Holmenkollen, itavala zovala za masewero, nikhala pakati pa anthu wamba ndi kutulutsa ndalama kuti ilipire kwa kondakitala. Chithunzi cha tsikulo chidasanduka chimodzi mwa zithunzi zodziwika koposa m'dzikolo.

Pa anthu onse amene asimbidwa pano, amene amakumbukika bwino ndi amene adachita zoyenera asanawerengere phindu lake. Edwin Booth sadadziwe kuti kolala imene waigwirayo ndi ya mwana wa Pulezidenti. Ivan Ozolin adaona nkhalamba yodwala yopanda pogona. Bambo Dickens akadatha kukathamangitsa kamwana kaja, chifukwa adali wotopa ndi wodwaladwala pa ulendowo, koma adakamvetsera ngati munthu wamkulu, ndipo kamwanako kadadzakhala mphunzitsi ndi mlembi. Nayenso Kate adatha kucheza ndi mlembi wamkuluyo ulendo wonse chifukwa adali atawerenga mabuku ake. Akadakhala wongodziwa dzina lokha, moni ukadatha ndipo nkhani ikadathera pomwepo.

Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza sukulu ndipo akuyenda kukafuna ntchito, ngakhalenso mphunzitsi amene akupita ku sukulu yatsopano ndi katundu wake, adzakhala pa mipando yambiri pamodzi ndi anthu osawadziwa. Ochuluka mwa iwo sadzalembedwa m'buku lililonse, ndipo ulemu ndi wowayenera chimodzimodzi. Akuluakulu akale adaona zimenezi sitima isanafike, n'chifukwa chake adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.